TIKAMATI "AGOGO KHALANI PANSI", NDIFE AMENE TIKUWAGWETSA

Lero sindikamba za petulo kapena za masipeya abodza amene akutiphera mainjini. Lero ndi za kunyumba. Ndi yaitali ndithu, ikani foni pa chaji, muwerenge mpaka pansi.

Ambiri mukudziwa kuti anganga anga, amayi awo a mayi anga, anatisiya. Pa maliro ena ankati ndi ukalamba, ena ankanong'onezana zawozawo. Ine ndinalipo kuyambira tsiku loyamba, ndiye ndikuuzeni chimene chinawatenga. Anagwa. Basi. Anatuluka m'bandakucha kupita kuchimbudzi, opanda tochi, atavala patapata wakutha, usiku umenewo mvula itagwa. Potsika pa khonde phazi linaterereka, anagwera chammbali. Fupa la ntchafu, cha pamwamba pafupi ndi chiuno, linathyoka.

Kuchipatala anawalowetsa kachitsulo pa mwendo n'kupachika zolemera kuti mwendo uzikokeka, fupa lilumikizane. Anagona chagada masabata oposa 6. Amayi anga anasiya geni ya usipa nyengo yonseyo n'kumagona pansi pa bedi ngati gadiyani. Ine ndinagulitsa injini yakale imene ndinkafuna kuikonza ikhale yanga. Atatuluka, anali ndi zilonda kumsana, miyendo itatha ngati timitengo. Sanaimenso okha. Patapita miyezi yochepa chibayo chinamaliza.

Tsopano mbali imene imandiwawa. Zaka ziwiri asanagwe, anganga anali munthu wa pa dooko. Kugula usipa, kuyanika pa thandala, kutembenuza, kusenza beseni, kukwera kamtunda kobwerera kunyumba. Ine nditayamba kupeza kangachepe pa ntchito ya mainjini ndinati, "Anganga, mwavutika mokwanira, tsopano khalani pansi tikusamaleni." Mlongo wanga anatenga tsache, anatenga ndowa, anatenga mthiko. Iwo n'kumangokhala pa mkeka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Anthu ankatiyamikira kuti ana awa ndi aulemu. Ifenso tinkadzimva.

Koma ine ndi makaniko, ndinayenera kudziwa. Nyanja ikatsekedwa, alipo mabwana amene amaika injini pakona miyezi, osailiza olo kamodzi. Tsiku lotsegula amabwera kwa ine akutukwana: "Koma sindinaigwiritse ntchito, yafa bwanji?" Ndimawayankha kuti ndiye chimene yaferacho. Petulo waola mu kabuleta, impela yauma, mkati mwagwira dzimbiri. Mwendo wa munthu wamkulu ndi chimodzimodzi, ndipo umafooka msanga kuposa wa ine ndi iwe. Ife tinawapakira anganga pakona chifukwa cha chikondi.

*Si ife tokha*

Ndili kuchipatala kuja ndinacheza ndi mkulu wina wa fizo, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso. Ndi amene ananditsegula maso, zina ndinakawerenga ndekha pa foni.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amafa chifukwa cha kugwa. Pa imfa za ngozi, kugwa ndi nambala 2, kumangoposedwa ndi ngozi za pamsewu. Oposa 80 pa 100 alionse mwa anthu amenewa ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo amene amafa kwambiri ndi opitirira zaka 60. Limatinso mwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu amagwa chaka chilichonse. Tawerengani agogo a pa mudzi panu, mugawe patatu.

Ndiye kuno kwathu kuthyoka chiuno si nkhani ya masewera. Ku maiko olemera munthu wotere amamuchita opaleshoni m'masiku awiri, kenako akumuimiritsa. Kuno madokotala a opaleshoni ya mafupa ndi ochepa, ambiri ali ku Queens ku Blantyre ndi ku chipatala cha LION ku Lilongwe chimene chinatsegulidwa mu 2023. M'maboma ntchito yaikulu amagwira ndi makiliniko ofesala a mafupa, ndipo amayesetsa ndi zimene ali nazo. Kwa agogo a ku Makanjira, ku Malombe kapena ku Msaka, Blantyre ndi kutali, thiransipoti ndi ndalama, gadiyani ndi ndalama. Ndiye kwa ife njira yotchipa ndi imodzi: asagwe.

*Kodi zimapeweka?*

Poyamba ndinkati chakudza sichiimba ng'oma, kugwa ndi tsoka basi. Ayi amwene. Anthu anafufuza kale.

Ku New Zealand, pa yunivesite ya Otago, John Campbell ndi Clare Robertson anakonza ndondomeko ya masewera a okalamba m'zaka za m'ma 1990. Anaiyesa pa anthu oposa 1,000 a zaka 65 mpaka 97, ali m'nyumba zawo, osati ku jimu. Kugwa kunatsika ndi 35 peresenti, ndipo amene anapindula kwambiri ndi opitirira zaka 80. Mwamva? Amene ife timati "awa ndiye atha" ndi amene anathandizika koposa. Ndondomeko yake ndi yophweka: masewera olimbitsa miyendo ndi ophunzitsa thupi kuima osapendama, katatu pa sabata, kuphatikizapo kuyenda kawiri pa sabata.

Mu 2019 gulu la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku 108 wa anthu oposa 23,000 a m'maiko osiyanasiyana. Linapeza kuti masewera amachepetsa kugwa ndi 23 peresenti, ndipo mphamvu yake ili makamaka pa masewera a balansi. Nayo WHO mu 2020 inalangiza kuti a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masewera a balansi ndi mphamvu masiku atatu kapena kuposa pa sabata.

Sindikunama kuti agogo sadzagwanso. 23 kapena 35 si 100. Koma wina atandiuza kuti pali chinthu chaulere chochepetsa kufa kwa injini panyanja ndi kotala, ndingachichite m'mawa uliwonse.

Ndipo nkhani ya balansi ife a kunyanja sitiyenera kuchita kuuzidwa. Mwana wa ku tauni akakwera bwato amagwera m'madzi lisanachoke n'komwe. Ife timaimirira m'bwato mwera ukuomba, tikukoka chilimila. Sitinabadwe nazo. Mapazi, maso ndi m'khutu zinaphunzira chifukwa chochita tsiku ndi tsiku. Chimene thupi linaphunzira, likasiya kuchita limaiwala. Likayambiranso limakumbuka.

*Zimene tikuchita ndi ambuje*

Anatsala ndi ambuje, amuna awo a anganga. Zaka zawo zenizeni sazidziwa, amangoti pamene Ilala inkayamba kuyenda mu 1951 iwo anali kale kamnyamata kothamanga pa mchenga. Munthu amene anapalasa bwato moyo wake wonse, koma maliro atatha ankachita kugwira khoma kuti adzuke pa mpando. Mantha anawalowa. Ndipo mantha ndi msampha: munthu akaopa kugwa amasiya kuyenda, akasiya kuyenda miyendo imafooka, ikafooka amagwadi.

Tsiku loyamba ndinawayesa mmene anandionetsera a fizo. Akhale pa mpando, adzuke, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere, akhale. Iwe uli ndi wotchi ya pa foni. Zikatenga masekondi 12 kapena kuposa, ndi chizindikiro chakuti munthuyo ali pa chiopsezo. Ambuje anatenga 19.

Timachita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, m'mawa dzuwa lisanapse, ine ndisanapite ku dooko. Sizifika ndi mphindi 30. Zida zake: mpando wolimba wotsamiza kukhoma, ndi mzati wa khonde wogwirira.

1. Kudzuka ndi kukhala pa mpando. Poyamba ndi manja onse awiri, kenako dzanja limodzi, kenako manja ali pachifuwa. Tinayamba ndi ka 5, pano amafika ka 10, kupuma, ka 10 kenanso. Pokhala asamadzigwetse ngati thumba, azitsika pang'onopang'ono.

2. Kunyanyamphira atagwira mzati, kukwera ndi zala n'kutsika, ka 10. Kenako kuima pa zidendene zala zili m'mwamba, ka 10. Izi ndi zimene zimathandiza kuti phazi lisamakokere pansi n'kukola mphasa kapena muzu.

3. Kunyamula mwendo chammbali uli woongoka, ka 10 uku ka 10 uku. Zimalimbitsa m'chiuno.

4. Kupinda mawondo pang'ono ngati akufuna kukhala, n'kuongokanso, atagwira mzati.

5. Kuima phazi lina kutsogolo kwa linzake, chidendene chikukhudza zala, masekondi 10, kusintha. Zikazolowereka, kuyenda choncho motsatira khoma mapazi 10.

6. Kuima ndi mwendo umodzi masekondi 10, dzanja lili pa mzati. Kenako zala ziwiri zokha. Kenako dzanja lili pafupi koma osagwira.

7. Kuyenda chammbali ngati nkhanu, kuyenda chobwerera m'mbuyo motsatira khoma, ndi kuyenda mozungulira ngati ukulemba 8 pansi.

Masiku awiri ena timayenda mpaka pamene amasokera maukonde anzawo, akacheze, abwerere.

Chinsinsi chake ndi ichi: zikayamba kuphweka, onjezerani pang'ono. Masewera a balansi amene sakumuvutitsa munthu olo pang'ono saphunzitsa kanthu. Komanso iwe uime pambali pawo nthawi zonse, cha kumbuyo pang'ono, osati uli pa TikTok. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika, siyani pomwepo mupite nawo kuchipatala. Amene anadwalapo sitiroko, a vuto la mtima, kapena amene agwa posachedwa, yambani mwafunsa adokotala.

Patatha miyezi itatu ndinawayesanso ambuje. Masekondi 13. Sanafike penipeni, koma pano amadzuka osagwira khoma, ndipo sabata yatha anandikalipira kuti ndimawerenga mofulumira. Munthu akayamba kukalipa ndiye kuti moyo wabwerera.

*Ndikudziwa zimene mukunena mumtima*

"Aise, agogo anga amalima, amatunga madzi, masewera a chani?" Zoona, ndipo musawaletse. Amene akugwirabe ntchito ali pabwino kuposa wokhala pa mkeka. Muwachotsere zolemera ndi zoopsa zokha, monga kusenza ndowa ya malita 20 pa miyala yoterera, kapena kukwera pa denga. Koma khasu limalimbitsa msana ndi manja, siliphunzitsa kuima ndi mwendo umodzi, ndipo ulimi uli ndi nyengo. Kuyenda kokhanso sikokwanira. Onjezani ziwiri zitatu za balansi.

"Zimenezo ndi za azungu." Mpando ndi wa azungu? Mzati wa khonde? Tangoonani beni kapena manganje, kuponda uku, kutembenuka, kubwerera m'mbuyo. Amayi akamavina chioda amatani ndi mawondo? Amene amaswali kasanu pa tsiku amaimirira, kuwerama, kugwada, kudzukanso. Kutchalitchi kulinso kugwada ndi makwaya ovina. Zinthuzi tili nazo kale, kungoti munthu akakula timamuuza kuti akhale kumbuyo aziombera m'manja. Ngati sangathenso kugwada, mpando ulipo, palibe manyazi. Koma amene akutha, musawafulumizire mpando.

"Ndi mwano mwana kulamula agogo." Apa ndikuvomera, ndinalakwitsapo. Tsiku loyamba ndinabwera ngati mphunzitsi wa P.E., ambuje anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndasuta. Ndinasintha. Ndinati, "Ambuje, paja munkaima bwanji m'bwato pa mpoto? Tandionetsani, ine zimandikanika." Anadzuka okha. Akhale aphunzitsi ndi iwowo. Ndipo akakhala awiri atatu a msinkhu umodzi zimakoma, amapikisana ngati ana. Kwa agogo aakazi, bwino atsogolere ndi mdzukulu wamkazi.

"Munthu wa njala achite masewera?" Ili ndiye funso lenileni, ndipo sindilipeputsa. Minofu simera ndi mphepo. Koma tinene chilungamo anyamata: ife timagulitsa usipa wonse mpaka wa pansi pa beseni, agogo n'kudyera nsima masamba okha, pamene nsomba yatuluka pakhomo pawo. Usipa wodya ndi minga yomwe uli ndi zomanga thupi komanso kashiamu wa mafupa. Kambale kamodzi patsiku sikagwetsa bizinesi. Onjezani nyemba, mtedza, dzira likapezeka. Ndi madzi akumwa, makamaka mu Okutobala. Okalamba ambiri samva ludzu msanga, ena amadzimana madzi poopa kutuluka usiku, ndiye amadzuka ndi chizungulire.

"Nanga akagwa tikuchita masewerawo, mlandu si wanga?" Nchifukwa chake pali mzati, pali khoma, pali iwe. Kuyesa balansi masana mdzukulu ali pambali ndi bwino kuposa kukaiyesera pa khonde lonyowa 4 koloko m'bandakucha ali okha.

*Masewera okha sakwanira*

Injini ikhoza kukhala yabwino, koma boti likudontha. Yenderani pakhomo ndi maso a munthu wokalamba.

Njira ya kuchimbudzi: salazani, chotsani miyala, zingwe ndi maukonde akale, mangani chogwirira cha nsungwi kapena mitengo. M'chimbudzi momwemo zikani mtengo wolimba wogwira podzuka. Usiku kachitini kakhale pafupi ndi pogona, palibe chochititsa manyazi.

Kuwala: ife timayatsa magetsi ambirimbiri panyanja kuitana usipa, agogo kunyumba alibe olo katochi. Kagetsi ka sola kamodzi kakhale pamutu pa bedi lawo.

Kubafa: ndere pa mwala kapena pa simenti ndi sopo weniweni. Palani, ikani kampando azisamba atakhala.

Nsapato: patapata wakutha kudendene tayani. Apezereni yogwira kumbuyo.

Khonde lalitali: onjezani sitepe yapakati. Njerwa zochepa ndi theka la tsiku.

Maso: ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni, munthu n'kuonanso. Funsani kuchipatala za tsiku la a maso. Musangoti ndi ukalamba.

Mankhwala: a BP, a shuga ndi ogonetsa nthawi zina amabweretsa chizungulire. Musawasiyitse nokha, kafotokozeni kumene amalandirako. Podzuka m'mawa ayambe akhala kaye m'mphepete mwa bedi, kenako aimirire, kenako ayende. Za kachasu sindinena zambiri, mukudziwa.

Ndodo si manyazi. Ikhale yofika pamfundo ya dzanja munthu ataima manja ali pansi, kunsi kwake muike labala. Chidutswa cha tayala chimagwira ntchito.

Kumbukiraninso kuti mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo kuno ku Mangochi. Njira zina zinakokoloka, mabanja ena anasamuka. Phazi la munthu wamkulu limayenda ndi kuloweza. Malo akasintha, muyende nawo masana kangapo mpaka awazolowere.

Akagwa, musathamangire kuwakoka mkono. Funsani pamene pakupweteka. Ngati m'chiuno mukuwawa kwambiri, sakutha kuponda, kapena mwendo ukuoneka waufupi ndipo phazi lagonera kunja, musawaimiritse, musawathowe, musapite nawo kotemera. Agonekeni pa chitseko kapena thabwa, kuchipatala. Akamenya mutu, kuchipatalanso. Ngati sanavulale, atembenukire chammbali, agwade ndi manja ndi mawondo, akwawire pa mpando, aponde ndi mwendo wamphamvu, adzuke. Ndipo kugwa kulikonse, olo kopanda bala, kukanenedwe kuchipatala, chifukwa amene wagwa kamodzi ndi amene amagwanso.

*Chimodzi chomaliza, cholemera*

Anganga atagwa anakhala panja mpaka kunja kutayera, atangofunda nsalu imodzi. Amene anawapeza ndi mayi anga. Ndimadzifunsa: akanakhala okhala okha, n'kuwapeza anyamata ochokera kunyanja, akanati chani? Tonse tamvapo zoti gogo wapezeka m'mawa panja "wagwa m'ndege". Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti. A MANEPO akhala akulira za nkhanza zotere chaka ndi chaka. Lamulo la dziko lino limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Gogo wopezeka pansi m'bandakucha, wosokonezeka, wosavala bwino, ndi wodwala. Afunika bulangete ndi galimoto, osati miyala ndi kamera ya foni.

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Ndi chiyambi chabwino. Ine pempho langa kwa akuluakulu ndi laling'ono: alangizi a zaumoyo a m'midzi aphunzitsidwe masewera amenewa monga anaphunzirira za sikelo ya ana. Tsiku lolandira Mtukula Pakhomo okalamba amakhala atasonkhana kale, akudikira maola, mphindi 20 zikhoza kupezeka. Ma BVC athu, amene amatolera ndalama pa dooko, akonzeko njira zotsikira kunyanja. A mabwalo a mpira, a makwaya, a madrasa, aliyense ali ndi gogo.

Koma tisadikire boma. Mawa m'mawa tenga mpando, tsegula wotchi ya pa foni, yesa agogo ako mamita 3 aja. Undilembere masekondi amene apeza, tidzayesenso pakatha miyezi itatu tione. Amene ali ku Joni, musangotumiza ya thumba la ufa, tumizaninso ya tochi ndi nsapato, ndipo muwauze ana a pakhomo asiye kuwalanda agogo tsache.

Ine ndinachedwa ndi anganga. Ambuje ndiye ndili nawo, ndipo Lachisanu tili ndi ka 10 kawiri.

Tumizani ku magulu ena. Wa injini yovuta akudziwa kondipeza.